Radishi m'Maphikidwe a ku India: Njira Zisanu, ndi Mmene Mungasankhire Yokuyenerani

Ambiri mwa ife radishi timangomuona m'sitolo, timizu tofiira tomangidwa kamtolo pafupi ndi letesi, n'kumudutsa poti sitidziwa chochita naye. Ku India radishi ndi ndiwo ya panyumba, ya tsiku ndi tsiku. Kumpoto kwa dzikolo, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale pamene kunja kukuzizira, misika imadzaza ndi mooli, radishi woyera wotalika masentimita 20 mpaka 30, wogulitsidwa ndi masamba ake omwe. Ku Punjab amamukulunga m'chapati, ku Tamil Nadu amamuphikira mu nandolo wothira bwemba, ku Kashmir amamuphatikiza ndi nsomba, ndipo nyumba zambiri zimamuika m'botolo kuti akhale achali.

Nkhani ino ndi ya inu amene mwagula mtolo, kapena mwadzala kabedi kuseri kwa nyumba, ndipo mukufuna kudziwa poyambira. Mbale zonsezi n'zokoma zikaphikidwa bwino, koma sizifuna ndalama zofanana, moto wofanana, ngakhale radishi wofanana. Radishi amene angakometse sambar, msuzi wa nandolo, akhoza kukuonongerani raita, radishi wamuwisi mu yogati.

Zoyamba kudziwa musanasankhe

Pali zinthu ziwiri zimene zimalamulira chilichonse chomwe mungaphike ndi radishi. Choyamba ndi madzi. Pa magalamu 100 a radishi, pafupifupi 95 ndi madzi, ndipo mchere ukangomukhudza madziwo amayamba kutuluka. Mbale iliyonse m'munsimu ili ndi njira yakeyake yothanirana ndi madzi amenewa: ina imawafinya, ina imawaphweretsa pa moto, ina imawalandira mu msuzi, ina imawayanika padzuwa. Wophika akalakwitsa, kawirikawiri amalakwitsira pamenepa.

Chachiwiri ndi ukali. Radishi ndi wachibale wa mpiru, repu ndi kabichi. Mukamudula kapena kumupala pa gireta, timadzi tomwe timakhala tosiyana m'kati mwake timakumana n'kupanga ukali uja wolasa m'mphuno. Moto umauthetsa ukaliwo, n'chifukwa chake radishi wophika amatsekemera pang'ono, ngakhale kuti pophikapo amatulutsa fungo lomwe ena salikonda. Radishi wokulira nyengo yotentha, wosowa madzi, kapena wokhalitsa m'nthaka amakhala waukali kwambiri, ndipo m'kati amangoti fwafwa ngati chinkhupule. Pogula munyamule m'manja. Wabwino amalemera kuposa mmene akuonekera, khungu lake limakhala losalala, ndipo sapindika mukamukhotetsa.

Mbale iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, kutanthauza zonse pamodzi: ufa, mafuta, zokometsera, makala kapena magetsi, osati radishi yekha. Kupezeka kwa zofunikira kumene mukukhala. Ntchito yake ndi kasungidwe, makamaka ngati mulibe fuliji kapena magetsi sakhala odalirika. Pomaliza zoopsa zake, za m'chiwaya ndi za m'thupi zomwe.

Kupezeka kwa radishi weniweniyo kukukhudza mbale zonse, ndiye ndinene kamodzi. Wofiira wamng'ono amapezeka m'masitolo akuluakulu a m'tauni. Woyera wautali amavutirapo, ndipo poyambira kufunsa ndi m'masitolo a Amwenye, monga ku Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe. Amene muli ku Johannesburg mumupeza ku Fordsburg, a ku Britain ku Belgrave Road mu Leicester kapena ku Southall mu London, chaka chonse. Koma njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kudzala nokha. Kwathu kuno amachita bwino miyezi yozizira, Meyi mpaka Ogasiti. Njere zimafesedwa pamalo pomwe adzakulire, sawokera ayi. Wofiira amakhwima pa masabata 3 kapena 4, woyera pa masiku 45 mpaka 60. Mtundu wotchedwa Pusa Chetki, womwe anaupanga akatswiri a zaulimi a ku New Delhi, umapirira kutentha kuposa ina, ndipo ndiwo wofunsa ngati mumakhala kotentha.

1. Mooli ki sabzi: masamba ndi muzu m'chiwaya chimodzi

Iyi ndi ndiwo youma ya kumpoto kwa India, ndipo ndiyo ndingakulimbikitseni kuyamba nayo. Muzu mumaudula timagawo ting'onoting'ono, masamba mumawadula monga mmene mumadulira mpiru. Mutenthetse masupuni awiri a mafuta, muponyemo theka la supuni yaing'ono ya njere zokometsera za ajwain (carom) kapena jeera (cumin). Njerezo zikayamba kuthetheka muike tsabola wobiriwira, chikasu pang'ono, kenako muzu uja. Pakatha mphindi 5 muonjezere masamba ndi mchere, muvundikire. Madzi musathire ngakhale dontho. Mukavundukula pakatha mphindi 10 mupeza radishi watulutsa ake okwanira. Kuyambira apo muphike chosavundikira, mukutakasa, mpaka madzi ataphwa ndipo mafuta akuoneka m'mbali mwa chiwaya. Pomaliza mufinyiremo ndimu, kapena muwaze amchur, ufa wa mango osakhwima oyanika.

Ku Maharashtra ena amathiramo mtedza wokazinga wosinja, ndipo ku Gujarat amawaza ufa wa tchana kuti umwe madzi otsala. Wozolowera masamba otendera samva chilendo apa.

*Mtengo.* Wotsikitsitsa. Mtolo umodzi ukupatsani ndiwo ziwiri, muzu ndi masamba, ndipo moto wake supitirira mphindi 20.

*Kupezeka.* Vuto lili pa masamba. Masitolo ambiri amawadula asanagulitse, ndipo otsalapo amakhala ofota. Ngati ndi choncho, mpiru ukhoza kulowa m'malo mwake ndipo kakomedwe sikasiyana kwambiri. Ajwain amapezeka kwa Amwenye okha, koma kapaketi kamodzi kamakhala miyezi yambiri. Radishi wofiira naye amachita bwino m'mbale imeneyi.

*Ntchito ndi kasungidwe.* Ntchito yaikulu ndi kutsuka masamba, chifukwa ali ndi ubweya umene umagwira mchenga. Muwatsuke m'beseni katatu. Mukangofika kunyumba, dulani masamba kuwasiyanitsa ndi muzu, apo ayi amayamwa madzi a muzuwo n'kuufooketsa. Masamba muphike tsiku lomwelo kapena mawa lake. Muzu umakhala sabata imodzi kapena ziwiri mu fuliji. Ndiwo yophika imakhala masiku awiri mu fuliji.

*Zoopsa.* Masamba amafwera kwambiri, moti mtolo womwe umaoneka waukulu umatsala kambale kamodzi. Mchere muthire moganizira kambaleko, osati mtolowo. Masamba okalamba amawawa. Musankhe anthete a pakati.

2. Mooli paratha: chapati cha radishi m'kati

Ichi ndi chakudya cha m'mawa cha ku Punjab nyengo yozizira, chodyedwa chotentha ndi yogati, batala ndi achali. Ndicho chimene anthu amaimira pa malo odyera a m'mbali mwa msewu ku Murthal, pa njira yochokera ku Delhi kupita kumpoto. Pa mbale zonse zisanu iyi ndiyo imakondweretsa anthu msanga, ngakhale ana okana masamba. Ndiyonso imagwetsa ulesi oyamba kumene.

Nkhani yagona pa madzi aja. Mupale radishi awiri, pafupifupi magalamu 500, muwaze mchere pang'ono, mudikire mphindi 15. Kenako muike m'kansalu koyera n'kufinya ndi mphamvu zanu zonse, madziwo akugwera m'mbale. Mudabwa kuti mulu wonse uja watsala kambulunga kokwana m'dzanja limodzi. Madziwo musataye. Ndiwo okandira makapu awiri a ufa, ndipo ndi mmene kakomedwe ka radishi kamalowera mu chapati chenichenicho. Ufa wokandawo upume mphindi 20. Radishi wofinya uja musakanize ndi ajwain, tsabola, jinja ndi masamba a dhania (coriander), koma mchere wina musaonjezere mpaka nthawi yokulunga itakwana, chifukwa ukakhalamo ngakhale mphindi 10 madzi ayambiranso kutuluka.

Kukulunga kuli pawiri. Ozolowera amapanga kathumba ka ufa, kuikamo radishi, kutseka kukamwa, n'kupapatiza pang'onopang'ono. Ngati ndinu woyamba, papatizani timachapati tiwiri topyapyala, muyale radishi pa kamodzi kusiya mpata m'mbali, muvundikire ndi kenako, mutsine m'mbali monse, kenako mudutsepo mpini wa chapati mopepuka kamodzi kapena kawiri. Njira yachiwiriyi si yochititsa manyazi. Amayi ambiri a ku Punjab amaigwiritsa ntchito pa radishi, poti amadziwa khalidwe lake. Paratha mukangoipapatiza ipite pa chiwaya chotentha nthawi yomweyo, mphindi ziwiri mbali iliyonse, mukupaka mafuta kapena ghee, batala wosungunula wa ku India.

Ku Gujarat, kumene makolo a Amwenye ambiri a ku Malawi anachokera, anapeza njira yodutsa vuto lonseli. Amakandira radishi wopala mu ufa momwemo, pamodzi ndi chikasu, ufa wa tchana ndi mafuta, n'kuphika timachapati topyapyala totchedwa thepla. Sitiphulika, ndipo ndito amanyamula pa ulendo.

*Mtengo.* Wapakati, wopendekera kumwamba. Tirigu wambiri amene timadya ku Malawi amachokera kunja, ndiye mtengo wa ufa umakwera limodzi ndi ndalama zakunja. Paratha 6 zimadya makapu awiri a ufa ndi masupuni 6 a mafuta, kuphatikizapo yogati wodyera.

*Kupezeka.* Ufa weniweni wa paratha ndi atta, tirigu wogaya ndi gaga wake yemwe mpaka kusalala. Ngati palibe, sakanizani theka ufa woyera ndi theka ufa wa buledi wa bulauni. Ufa woyera wokha umatamuka, umabwerera m'mbuyo mukamapapatiza, ndipo paratha imalimba ikazizira. Mbale iyi imafunadi radishi woyera. Kupala timizu tofiira tokwana magalamu 500 ndi ntchito yopweteka zala.

*Ntchito ndi kasungidwe.* Ola limodzi lathunthu, ndipo wophika sakhala pansi, chifukwa paratha zimaphikidwa imodzi imodzi. Sizidikira: zotentha n'zokoma, zogona zimanyowa m'kati. Thepla ndiye amakhala masiku awiri popanda fuliji kunja kukakhala kozizira.

*Zoopsa.* Kuphulika popapatiza, ndi kupsa kunja m'kati muli mosapsa ngati mbaula yakolera kwambiri. Dikirani makala achite phulusa pamwamba. Chinanso, radishi wa m'kati amapsa pang'ono chabe, ndiye amageyetsa ndi kudzaza mpweya m'mimba. Ajwain amaikidwamo pofuna kuchepetsa zimenezi. Ngati muli ndi msonkhano m'chipinda chotseka masana amenewo, ganizani kawiri.

3. Mullangi sambar: radishi mu nandolo wa bwemba

Kumwera kwa India radishi amamutcha mullangi, ndipo malo ake aakulu ndi mu sambar, msuzi wa nandolo wowawasa womwe amathira pa mpunga. Apa madzi a radishi si vuto konse, amangolowa mu msuzi. N'chifukwa chake iyi ndi mbale yopulumutsira radishi wokhalitsa, wofooka kapena waukali. Akabwata mu bwemba amafewa, amaoneka ngati wolangala, ndipo amamwa kukoma konse kwa msuziwo.

Kwa ife mbale imeneyi ili pafupi kuposa mmene dzina lake likumvekera. Toor dal, maziko a sambar, ndi nandolo wouma wochotsa makoko ndi kugawa pakati, monga timachitira pokonza chipere. Nandolo amene alimi a ku Mulanje, Thyolo, Zomba ndi Mwanza amakolola, wambiri amathera m'miphika ya ku India. Mu 2021 boma la Malawi ndi la India anasainirana mgwirizano wolola matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi kulowa ku India chaka chilichonse kwa zaka 5. Bwemba naye ndi wathu, wa ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja. Zimandikhudza kuti timagulitsa nandolo wathu ndi matumba koma ochepa mwa ife analawapo mmene ogulawo amamuphikira.

Kaphikidwe kake kali ndi lamulo limodzi losaphwanyika: nandolo apse yekha, mpaka kusungunuka, asanakumane ndi bwemba. Chowawasa chimalimbitsa nyemba zamtundu uliwonse, ndipo mukazisakaniza msanga mudzatha makala nandolo ali gwa. Kapu imodzi ya nandolo muiphike ndi chikasu pang'ono. Mu poto wina mukazinge anyezi ndi radishi wodula mozungulira kwa mphindi 3 kapena 4, zomwe zimachepetsa fungo lija. Muthiremo madzi a bwemba wonyika, tomato, mchere ndi masupuni awiri a ufa wa sambar, zibwate mpaka radishi atafewa. Kenako muthire nandolo wophwanya uja, ziwire limodzi mphindi 5. Chomaliza ndi kutenthetsa mafuta pang'ono padera, kuthethetsamo njere za mpiru, tsabola wouma, masamba a curry ndi hing (asafoetida, ufa wokometsera wa fungo lamphamvu), n'kukhuthulira pamwamba pa msuzi. Muvundikire msanga kuti fungo lisathawe.

*Mtengo.* Pa munthu aliyense ndi wotsika, chifukwa kapu imodzi ya nandolo ndi radishi wamkulu mmodzi zimakwanira anthu asanu. Chodula ndi moto, ndi kugula zokometsera ulendo woyamba.

*Kupezeka.* Nandolo ndi bwemba zili m'misika yathu. Ufa wa sambar ukasowa, kazingani pa chiwaya chouma njere za dhania, tsabola wouma, tchana wogawa ndi njere zochepa za methi (fenugreek), musinje mu mtondo. Ufa wa kale (curry powder) wa m'mapaketi sulowa m'malo mwake. Kakomedwe kamasanduka kena. Masamba a curry ndiwo amavuta, koma sambar amatheka popanda iwo.

*Ntchito ndi kasungidwe.* Mu poto wa pulesha nandolo amapsa pa mphindi 15. Pa mbaula, ngakhale mutamunyika ola limodzi, muwerengere mphindi 45 mpaka ola. Ubwino wake ndi woti nthawi yambiri poto amadziphikira yekha. Mu fuliji sambar amakhala masiku 2 kapena 3, ndipo mawa lake amakoma kuposa tsiku loyamba. Popanda fuliji, mwezi wa Okutobala, wophika masana sangafike m'mawa osasasa.

*Zoopsa.* Chachikulu ndi ichi: njere za mpiru zogula kwa ogulitsa mbewu, zija zimakhala ndi utoto wofiirira kapena wobiriwira, zinapakidwa mankhwala ophera tizilombo ndipo siziyenera kulowa mu poto. Gulani zodyera, kapena sungani za m'munda mwanu. Hing wambiri wa m'masitolo amasakanizidwa ndi ufa wa tirigu, zomwe ayenera kudziwa amene thupi lawo limadana ndi tirigu. Methi ikachuluka msuzi umawawa ndipo palibe chokonzera.

Amene mumakonda nsomba, dziwani kuti ku Kashmir kuli mbale yotchedwa muj gaad, yoyenda m'njira yomweyi ya msuzi. Nsomba ndi radishi amazikazinga padera mpaka kufiira, kenako amazibwatitsa pamodzi ndi tsabola, ufa wa jinja wouma ndi ufa wa njere za saunf (fennel). Imadya mafuta ambiri, ndipo imafuna nsomba ya mnofu wolimba monga kampango, yosanyenyeka mu poto.

4. Mooli ka achar: radishi wa m'botolo

Achali wa mango timamudziwa. Wa radishi amapangidwa mofananako, koma musayembekezere kuti akhala chaka. Mango osakhwima ali ndi chowawasa chake chomwe chimawateteza, radishi alibe.

Mudule magalamu 500 timizere totalika ngati chala, muwaze supuni imodzi ndi theka ya mchere ndi chikasu, musiye maola 3. Mukhetse madzi, muyale pa lichero padzuwa mpaka timizereto titafota ndi kuuma kunja. Musakanize ndi masupuni awiri a njere za mpiru zosinja, saunf, methi pang'ono ndi tsabola. Theka la kapu ya mafuta mulitenthetse kwambiri, lizizire, muthiremo pamodzi ndi masupuni atatu a viniga. Botolo likhale la galasi, lowiritsa ndi louma. Liime padzuwa masiku 3 kapena 4, mukulikhutchumula tsiku lililonse.

*Mtengo.* Mafuta ndi zokometsera zimadula, koma achali amadyedwa supuni imodzi pa mbale, ndiye botolo limodzi limatumikira nyumba milungu ingapo.

*Kupezeka.* Kakomedwe kenikeni ka ku Punjab kamachokera ku mafuta a mpiru, omwe amapezeka kwa Amwenye okha. Mafuta a mpendadzuwa kapena a mtedza amagwira ntchito, ukali wokha ndiwo umachepa. Dzuwa louma la Juni mpaka Seputembala ndi loyenera. Nyengo ya mvula, kapena ya chiperoni ku Blantyre ndi ku Thyolo, radishi sauma bwino.

*Ntchito ndi kasungidwe.* Ntchito ya manja ndi mphindi 30, zotsalazo ndi kudikira. Mu fuliji amakhala masabata 3 kapena 4. Mafuta azikhala pamwamba pa radishi nthawi zonse, ndipo supuni yotapira ikhale youma.

*Zoopsa.* Apa m'pofunika kusamala kuposa pena paliponse. Dontho la madzi limabweretsa chuku. Choopsa koposa ndi bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Clostridium botulinum, amene amakula bwino m'zakudya zosawawasa zomizidwa m'mafuta, mopanda mpweya, ndipo poizoni wake sanunkha. Viniga ndi mchere zija si zokometsera chabe, ndizo chitetezo, choncho musazichepetse. Botolo likatupa chivundikiro kapena kutulutsa thovu lachilendo, litayeni osalawa. Mcherewo nawo ndi nkhani kwa odwala matenda othamanga magazi: bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku. Amene muli ku Britain kapena ku America muona mabotolo ambiri a mafuta a mpiru atalembedwa kuti ndi odzola okha, chifukwa malamulo a kumeneko amaletsa mafuta odya okhala ndi asidi wochuluka wotchedwa erucic acid, ngakhale kuti ku Punjab, Bengal ndi Kashmir amaphikira tsiku ndi tsiku.

5. Raita: radishi wamuwisi mu yogati

Mupale radishi, mufinye, musakanize ndi yogati, mchere, tsabola ndi jeera wokazinga wosinja. Basi. Ku Kashmir amaonjezera mtedza wa walnut wosinja n'kuitcha muji chetin. Si ndiwo yoima payokha. Ndi yoperekeza mpunga wa nyama kapena ndiwo za tsabola wambiri, kuti iziziritse m'kamwa.

*Mtengo.* Wa yogati yekha. Moto sufunika.

*Kupezeka.* Chambiko wolimba amalowa bwino m'malo mwa yogati, mtedza wokazinga m'malo mwa walnut. Timizu tofiira tija apa ndiye kwawo, ndipo timakongoletsa mbale.

*Ntchito ndi kasungidwe.* Mphindi 10. Koma idyedwe nthawi yomweyo, chifukwa ikakhala maola angapo imachita madzi ndipo fungo lake limadzaza fuliji yonse.

*Zoopsa.* Palibe moto wobisa chilichonse. Radishi wokalamba amamveka ukali wake wonse. Komanso ndi muzu wokulira m'dothi, nthawi zina m'dimba lothiriridwa ndi madzi a mumtsinje. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa zokwanira: mutsuke ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala, musende khungu, ndipo kolera ikamveka m'dera lanu, sankhani mbale yophika.

Ndiye muphike iti?

Ngati radishi ndi wa m'munda mwanu kapena mwamupeza ndi masamba abwino, phikani sabzi lero lomwe masamba asanafote. Ndiyonso ya amene ndalama zathina, ndi amene akufuna ndiwo yoyenda ndi nsima popanda kusintha chilichonse patebulo.

Ngati radishi wagona sabata, wafooka, kapena mwamulawa n'kupeza kuti ndi waukali, apite mu sambar. Mu raita kapena mu paratha angokukhumudwitsani. Sambar ndiyenso wa banja lalikulu ndi wa tsiku la alendo ambiri, bola mukhale ndi mpunga ndi nthawi yophikira nandolo.

Paratha isungireni Loweruka kapena Lamlungu m'mawa, pamene muli ndi radishi woyera wolimba, ola lopanda changu, ndi anthu okhala pafupi ndi chiwaya kuti azilandira zikadali zotentha. Pa ulendo wa basi, kapena pa kamba wa ana kusukulu, pangani thepla m'malo mwake.

Achali ndi wa mlimi amene bedi lonse lakhwimira pamodzi mu Julayi, radishi wochuluka woti sangathe kudyedwa asanachite mphako. Ngati fuliji mulibe, pangani kabotolo kakang'ono kotha pa sabata imodzi, ndipo otsalawo mugawireko anansi akadali abwino.

Raita ndi ya tsiku lomwe mwangogula kamtolo kofiira ka m'sitolo, mpunga ndi nkhuku zapsa kale, ndipo mwatsala ndi mphindi 10 anthu asanakhale pansi. Kwa amene m'mimba mwawo simulola zaziwisi, okalamba ndi ana aang'ono, sambar ndiye wofatsa kuposa zonse, chifukwa radishi wake amapsa mpaka kufewa, ndipo tsabola mukhoza kumuchepetsa mmene mungafunire.